Opaleshoni ya timabowo pa khansa ya chifu: zimene ndinaona pa bambo anga okalamba

Bambo anga anachitidwa opaleshoni yochotsa mbali yaikulu ya chifu ali ndi zaka 78, akudwala matenda a shuga, mtima wawo uli wotopa, ndiponso akuyendera ndodo. Madokotala sanang'ambe mimba kuchokera pachifuwa kufika pamchombo monga mmene ambirife timadziwira opaleshoni, koma anaboola timabowo tingapo n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali, njira imene iwo amaitchula kuti laparoscopy. Pa nthawi imene banja lathu linkafunika kusankha chochita, anthu otifunira zabwino ankatiuza kuti tisade nkhawa chifukwa ndi kaopaleshoni kakang'ono. Mawu amenewo si oona. Mabala a pakhungu ndi aang'onodi, koma ntchito imene imachitika m'katimo ndi yaikulu chimodzimodzi ndi ya opaleshoni yong'amba, ndipo kwa munthu wofooka, moyo umadalira kwambiri zimene zachitika m'milungu yokonzekera ndi m'milungu yochira.

Bambo anabwera kuno ku England kalekale, anagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo chimwalirire mayi amakhala ndi ine. Vuto linayamba mwakachetechete. Munthu amene ankamaliza mitanda iwiri ya nsima anayamba kusiya theka la mtanda umodzi, akunena kuti akhuta. Ankadandaula za chilungulira ndi kugeya, ndipo monga mmene Amalawi ambiri timachitira, anangoti ndi zilonda za m'mimba, n'kumagula omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu. Mankhwalawa ankachepetsadi ululu, koma thupi linkapitirira kutha, mathalauza anayamba kukhwefuka, ndipo ankachita befu akangokwera masitepe ochepa. Atayezedwa magazi anapezeka kuti ndi ochepa kwambiri, ndipo apa m'pamene anavomera kuti chimbudzi chawo chinali chakuda bii kwa nthawi ndithu, chizindikiro chakuti penapake m'katimo pakutuluka magazi. Anawalowetsa kachubu ka kamera kudzera kukamwa, kumene kumatchedwa endoscopy, ndipo anapeza chotupa kumunsi kwa chifu, pafupi ndi potulukira chakudya. Anadulapo kanyama kokayeza, ndipo zotsatira zinatsimikiza kuti ndi khansa. CT scan, imene imajambula m'kati mwa thupi, sinaonetse kuti yafika kuchiwindi kapena kumapapo, komabe madokotala anachitanso kaopaleshoni kena kongosuzumira m'mimba ndi kamera, popeza timbewu ting'onoting'ono ta khansa tomwazika pa chikutiro cha m'kati mwa mimba nthawi zambiri sitioneka pa sikani. Sanapeze kanthu.

Kuno opaleshoni za chifu ndi kummero zimachitikira m'zipatala zochepa zosankhika, ndipo nkhani ya wodwala aliyense imakambidwa ndi gulu la akatswiri pamodzi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti funso lawo lalikulu silinali lakuti chotupacho chingachotsedwe kapena ayi, popeza zimenezo zinali zotheka. Funso linali lakuti thupi la bambo lingapirire kuchotsako. Dokotala wa okalamba anatifotokozera kuti zaka zokha si muyeso, pakuti pali azaka 85 olimba ndi azaka 65 otheratu. Iwo amayang'ana kufooka, ndiko kuti kuchepa kwa mphamvu zimene thupi lasunga zoti ligwiritse ntchito likakumana ndi vuto. Thupi la munthu wofooka lili ngati nkhokwe ya mu Januwale: tsiku ndi tsiku banja likudya ndithu, koma kukagwa maliro kapena kukabwera alendo ambiri, m'pamene pamaoneka kuti munalibe zambiri.

Anagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Clinical Frailty Scale, umene unachokera ku Canada kwa Kenneth Rockwood ndi anzake, ndipo umayambira pa 1, munthu wolimba kwambiri, kukafika pa 9. Bambo anawaika pa 5, kutanthauza munthu amene amadzisambitsa ndi kudziveka yekha koma amafuna thandizo pa zogula, pa ulendo, pa ntchito zolemera za pakhomo ndi pa kukumbukira mankhwala. Anawayeza mphamvu ya dzanja, anaona nthawi imene amatenga kudzuka pampando n'kuyenda, anawafunsa mafunso oyesa kukumbukira, kenaka anawakweza panjinga yosayenda atawaveka chophimba kukamwa choyeza mpweya, kuti aone mmene mtima ndi mapapo zimachitira zikapanikizika. Ngati wodwala wanu ndi wokalamba ndipo palibe amene watchula zoyeza zamtunduwu, funsani, chifukwa ndi zimene zimathandiza banja kusankha ndi maso otsekuka.

Anthu olimba amene ali ndi khansa yofika pamene inafika ya bambo amayamba alandira chemotherapy, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa. Kawirikawiri amapatsidwa mankhwala anayi ophatikiza otchedwa FLOT, maulendo anayi opaleshoni isanachitike ndi anayi pambuyo pake. Madokotala anatiuza mosabisa kuti mankhwalawa angawagwetse bambo asanafike n'komwe patebulo la opaleshoni. Njira zimene zinatsala zinali kuchotsa chotupacho popanda chemotherapy, kapena kuchisiya n'kumangothana ndi mavuto ake, monga kuwaika magazi akachepa ndi kulowetsa kachitsulo kotsekula njira chakudya chikayamba kukanika kudutsa. Njira yachiwiriyi sanaitchule ngati kugonja, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa pali odwala amene opaleshoni ingawalande miyezi yabwino imene akanakhala nayo pakhomo.

Dokotala wa opaleshoni anawafunsa bambo eni ake chimene akufuna kwenikweni. Madzulo ake bambo anandiitana nati, "Naphiri, ine sindikuopa kufa, koma sindikufuna kufa ndi njala chakudya chili patsogolo panga, ndipo sindikufuna kuti uzinditembenuza pabedi zaka ndi zaka." Ndinawayankha kuti, "Bambo, zimenezo n'zimene mukawauze mawa, osachotserapo." Mawu amenewo anathandiza kuposa pepala lililonse, chifukwa chotupacho chinali pamalo amene posakhalitsa chikanatseka njira ya chakudya, ndipo chinali kutaya kale magazi. Tinakambirananso zimene ambiri timaziopa, zakuti zinthu zikavuta akufuna kukhala pa makina opumira mpaka pati, ndiponso ndani adzawalankhulire iwo akalephera. Pachikhalidwe chathu kukamba zotere kumaoneka ngati kulosera zoipa, koma ndinaona kuti atazikamba, mtima wawo unakhala m'malo.

Achibale ena kumudzi anakana kwamtuwagalu, ponena kuti khansa ikangokhudzidwa ndi mpeni kapena ikaona mphepo imafalikira thupi lonse. Ndikumvetsa kumene maganizo amenewa amachokera. Anthu ambiri kwathu amafika kuchipatala matenda atapita patali, madokotala amatsekula mimba n'kupeza kuti khansa inali itamwazika kale, amatseka, ndipo wodwala amamwalira posakhalitsa. Otsala amati wapha ndi mpeni, chonsecho chapha ndi kuchedwa. Pa khansa ya chifu imene sinafalikire, kuchotsa chotupa ndiyo njira yaikulu yopatsa munthu mwayi wochira.

Chifukwa chimene anasankhira timabowo n'chokhudza kupuma. Bala lalitali la kumtunda kwa mimba limapweteka munthu akamapuma mozama kapena akamatsokomola, choncho wodwala amapuma mwapamwambamwamba, makhololo amatsalira m'mapapo, ndipo chibayo chimalowa. Kwa wokalamba, chibayo ndi kugona pabedi masiku ambiri n'zimene zimapha kapena kumulanda miyendo. Mabala aang'ono amapweteka pang'ono, amafuna mankhwala amphamvu oletsa ululu ochepa, magazi otayika amachepa, ndipo munthu amadzuka msanga. Koma njirayi ili ndi mtengo wake. Kuti dokotala aone bwino, amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba mpaka itafufuma, ndipo kufufumako kumakankha mapapo ndi kulemetsa mtima. Opaleshoniyo imatenganso nthawi yaitali kuposa yong'amba, kutanthauza maola ochuluka munthu ali chigonere ndi mankhwala ogonetsa. N'chifukwa chake dokotala wogonetsa odwala ali ndi mawu aakulu pa chisankhochi, ndipo anatichenjeza kuti mtima ukayamba kuvutika, kapena dokotala akapeza zovuta m'katimo, adzasiya timabowo n'kung'amba, ndipo kutero sikulephera koma kuteteza moyo.

Njirayi si yachilendo. Theodor Billroth anachotsa bwinobwino mbali ya chifu cha wodwala khansa ku Vienna mu 1881, ndipo Seigo Kitano wa ku Japan anafalitsa za kuchita zimenezi mothandizidwa ndi kamera mu 1994. Kafukufuku wamkulu wachitika ku South Korea ndi ku China, kumene khansa ya chifu ndi yofala, ndipo anaonetsa kuti m'manja mwa madokotala ozolowera, odwala ochitidwa ndi timabowo amakhala ndi moyo mofanana ndi ong'ambidwa. Kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa LOGICA, amene anatuluka mu 2021, anapeza kuti magazi otayika anali ochepa pa timabowo, koma masiku ogona m'chipatala sanasiyane. Dokotala wathu anawonjezera mfundo imene ndinaiyamikira, yakuti kafukufuku wotere amatenga kwambiri anthu olimbako, osati nkhalamba zofooka, choncho sangatilonjeze kuti zotsatira zake zikhala ndendende pa bambo. Funso limene ndikulimbikitsa aliyense kufunsa ndi lakuti dokotalayo ndi gulu lake amachita opaleshoni zotere kangati pa chaka, pakuti dokotala wozolowera kung'amba amene akung'amba ndi wabwino kuposa amene akuphunzirira timabowo pa kholo lanu.

Milungu yodikira sitinaikhale chabe. Anawapatsa ayironi wa m'dripu kuti magazi akwere, popeza mapiritsi amachedwa ndipo amavuta m'mimba. Katswiri wa zakudya anatiuza kuti tiiwale kaye zoopa kunenepa, tiwadyetse pang'onopang'ono koma pafupipafupi zakudya zomanga thupi. Ndinkaphika phala lothira nsinjiro ndi mkaka, mazira ofewa, nsomba yophwanya, ndipo ankamwanso zakumwa zapadera zopatsa mphamvu zimene chipatala chinalemba, uku tikuyang'anira shuga. A mafizo anawapatsa zochita tsiku lililonse: kuyenda panja, kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza osagwira, ndi kupumira m'kachipangizo kolimbitsa mapapo. Bambo ankanyinyirika kuti munthu wodwala amafunika kugona, ndipo panafunika mdzukulu wawo kuti aziyenda nawo. Pofika tsiku la opaleshoni ankayenda mtunda wotalikirapo kusiyana ndi pamene anayamba, ndipo sindikukayika kuti mphamvu zimene anasonkhanitsa m'milungu imeneyo n'zimene anadya ali m'chipatala.

Pa opaleshoniyo anachotsa mbali ya kumunsi ya chifu, yoposa theka, pamodzi ndi timwanabele tozungulira, chifukwa khansa ikayamba kuyenda imayambira mmenemo. Chifu chotsalacho anachilumikiza ku matumbo aang'ono. Pamimba panali timabala tating'ono ndi kena kokulirapo kamene anatulutsira zochotsedwazo. Tsiku lotsatira anadandaula za phewa osati mimba, ndipo anamwino anatiuza kuti zimenezi zimachitika chifukwa cha mpweya wotsalira umene umanyerenyetsa mtsempha wa pansi pa mapapo, ndipo zimatha zokha. Tsiku lomwelo anawakhazika pampando, ndipo posakhalitsa anawayendetsa m'khonde ali ndi machubu awo. Kwa ine zinkaoneka ngati nkhanza, koma ndiwo mankhwala oletsa chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo.

Chimene chinatiopsa kwambiri sichinali bala koma mutu. Usiku wina bambo anasokonezeka. Anasiya kulankhula Chingerezi, chimene achilankhula moyo wawo wonse wa ntchito, n'kuyamba kuitana anthu amene anamwalira kale, akulamula kuti ng'ombe zitsekeredwe m'khola, ndipo ankafuna kuzula dripu kuti apite kumunda. Anamwino sankamva chimene akunena. Wachibale wina atamva pafoni anati pali dzanja la munthu, wina anati misala yayamba. Kusokonezeka kotere madokotala amakutchula delirium, ndipo ndi kofala kwambiri mwa okalamba ofooka akachitidwa opaleshoni yaikulu. Kumabwera chifukwa cha ululu, mankhwala amphamvu, kusowa tulo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, mkodzo wokanika kutuluka, kapena matenda amene akuyamba. Pa chifukwa chomalizachi, si chinthu chongodikira kuti chidutse, popeza nthawi zina kusokonezeka ndiko chizindikiro choyamba chakuti m'katimo polumikiza pakudontha kapena chibayo chagwira. Anawayeza magazi, anajambula chifuwa, ndipo anapeza kachibayo koyamba kumene, n'kuyamba mankhwala tsiku lomwelo.

Apa m'pamene banja lili ndi ntchito imene dokotala sangaigwire. Tinapempha chilolezo choti mmodzi wa ife azikhala pambali pawo monga mmene gadiyani amachitira kwathu, ndipo anatilola. Tinkawalankhula m'Chichewa modekha, kuwauza kumene ali, tsiku lake, ndi chifukwa chimene aliri m'chipatala, osatsutsana nawo za ng'ombezo. Tinawaveka magalasi awo ndi kachipangizo kothandiza kumva, tinkatsekula makatani masana kuti asiyanitse usana ndi usiku, ndipo tinalembera anamwino mawu ochepa a Chichewa monga madzi, ululu ndi chimbudzi. Patapita masiku ochepa anabwerera mwakale, ngakhale kuti za usiku umenewo sakumbukira. Dziwaninso kuti delirium ina ndi yachete: wodwala amangogona, osalankhula, osafuna kudya, ndipo anthu amati akupuma bwino. Inu amene mumamudziwa ndi amene munganene kuti munthuyu sali mmene amakhalira.

Atatuluka m'chipatala tinapatsidwa majakisoni a heparin obaya pakhungu tsiku lililonse mpaka kukwanitsa masiku 28 chichitikire opaleshoni, oletsa magazi kuundana. Anatiuzanso zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala osadikira m'mawa: kutentha thupi, mtima kugunda mofulumira, ululu wa m'mimba umene ukukulirakulira, kusanza kosalekeza, kubanika, mwendo umodzi kutupa, kapena kusokonezeka kwatsopano. Mabala aang'ono amanyenga, chifukwa amapola msanga ndipo alendo akaona amati munthu wachira, chonsecho m'kati ntchito ikadalipo. Kutopa kunatenga miyezi.

Kudya ndiko kunakhala sukulu yaikulu. Chifu chotsala n'chaching'ono, ndipo chitseko chimene chinkatulutsa chakudya pang'onopang'ono kupita m'matumbo chinachotsedwa. Tsiku lina atamwa tiyi wa shuga pamodzi ndi buledi anatuluka thukuta, mtima unathamanga, anachita chizungulire, kenaka anatsekula m'mimba. Imeneyi imatchedwa dumping syndrome, ndipo imachitika chakudya, makamaka chotsekemera, chikagwera m'matumbo nthawi imodzi. Ina imabwera mkati mwa theka la ola munthu atadya, ina imabwera patapita ola limodzi kufika atatu, shuga wa m'magazi akatsika mwadzidzidzi. Kwa wodwala shuga zimenezi n'zoopsa, ndipo mankhwala awo a shuga anachepetsedwa chifukwa ankadya zochepa ndipo thupi linali litatsika. Tinaphunzira kugawa chakudya kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo pa tsiku, kuyamba ndi ndiwo zomanga thupi, kutafuna mokwanira, ndi kumwa madzi patapita theka la ola osati pamodzi ndi chakudya. Thobwa lotsekemera, zakumwa za m'mabotolo ndi tiyi wa shuga tinasiya. Nsima anabwerera nayo, koma yofewa, mbamu zochepa, ndi ndiwo zambiri kuposa nsimayo, zimene kwa bambo wa Chichewa zinali zovuta kuvomera. Ndinawapempha achibale kuti asamawakakamize kumaliza mbale, chifukwa chikondi chathu chokakamiza mlendo kudya chimamudwalitsa munthu wotere.

Chifu chimapanga chinthu chimene chimathandiza thupi kuyamwa vitamini B12. Amene achotsedwa chifu chonse amafunika jakisoni wa B12 moyo wawo wonse, ndipo ena mwa amene achotsedwa mbali amadzamufunanso. Bambo amabayitsa miyezi itatu iliyonse, ndipo amayezedwa ayironi ndi vitamini D. Kusowa B12 kumabweretsa dzanzi m'mapazi, kuchepa magazi ndi kuiwalaiwala, zimene mwa wokalamba anthu amangoti ndi ukalamba. Zoyeza za chotupa zinaonetsa kuti chinachoka chonse ndi m'mphepete moyera, koma khansa inali itafika m'timwanabele tochepa, choncho sitinena kuti nkhani inatha, ndipo amapitabe kukaonedwa. Thupi lawo silinabwerere pamene linali, ndodo akuyenderabe, koma amadya patebulo ndi adzukulu awo, amadzisambitsa, ndipo amapita kutchalitchi.

Kwa abale amene ali kumudzi, nkhani ya timabowo kapena kung'amba imabwera pambuyo pa nkhani ina yaikulu, yopeza matendawa nthawi ikadalipo. Munthu wamkulu amene wakhala akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba koma akuonda, akukhuta msanga, akusanza chakudya, akuchepa magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda, asangosintha mankhwala, apemphe kutumizidwa kokaunikidwa ndi endoscopy, imene imachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu za khansa ya chifu ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandirira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa chokatulukira, ndipo ambiri timakatenga tili ana m'nyumba imodzi. Mchere wambiri, zakudya zosungidwa ndi mchere kapena utsi, ndi fodya zimawonjezera chiopsezo. Popeza mwana kapena mbale wa wodwala khansa ya chifu ali pa chiopsezo chokulirapo, dokotala anatilangiza kuti ana tonse tiyezetse kachilomboka. Ine ndinapezeka nako ndipo ndinamwa mankhwala awiri opha tizilombo pamodzi ndi ochepetsa asidi, kenaka ndinayezetsanso kuti nditsimikize kuti katha. Mlongo wanga ku Lilongwe anayezetsa chimbudzi, ndipo ndinamukumbutsa zimene dokotala anandiuza ine, kuti asiye omeprazole kwa milungu iwiri asanayezetse, chifukwa mankhwalawa amabisa kachilomboko ndipo zotsatira zimatuluka ngati kulibe.